Kadukutu pa Chitenje cha Mpingo

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo nonse, landirani moni m'dzina la Ambuye. Ndaima pano kuti ndichitire umboni, ndipo ndiyamba ndi mutu wa nkhani monga anatiphunzitsira kunyuzipepala: zithunzi za mtedza wa kuno ku Mchinji zalandiridwa. Uthenga wabwera Lachisanu kuchokera ku Lilongwe. Zalandiridwa, ntchito yanga siinathe, ndipo dzina langa layera. Aleluya!

Ameni wanuyo ndi wofooka, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Ambiri simukudziwa zimene ndadutsamo, ndipo ena amene mukudziwa mwaweramitsa mitu poti nkhaniyi ikukukhudzani. Musaope, sinditchula mayina ambiri. Ochepa okha.

Kwa alendo, ine ndine Nambewe, ndimakhala pompano pa Kamwendo. Kwa zaka zambiri ndinkalemba nkhani za boma lino m'nyuzipepala, mpaka pamene anatseka ofesi yathu. Ntchito imeneyo inandisiyira khalidwe limodzi losachoka: sindinena chinthu ndisanachitsimikize. Bambo a kunyumba akandiuza kuti kunja kukugwa mvula, ine ndimatuluka kukaona. Ali apo pafupi ndi zenera, afunseni.

Chaka chatha ndinapeza ntchito kwa anthu ena a ku Lilongwe amene akukonza pulogalamu ya pa foni yothandiza alimi. Cholinga chake n'chosavuta kumva. Mlimi aloze foni pa mtedza wake, foniyo iyankhule m'Chichewa kuti mtedzawo ndi wathanzi kapena wagwidwa ndi kadukutu. Kadukutu nonse mumamudziwa. Mtedza umapinimbira, masamba amachita chikasu n'kukwinyika, pokumba umapeza mizu yokhayokha. Zimamufalitsa ndi nsabwe zija za m'masamba, ndipo amakonda munda wobzalidwa mochedwa ndiponso motalikanitsa. Ukamuzindikira msanga n'kuzula mtedza wodwalawo, wotsalawo umapulumuka.

Koma foni siibadwa ikudziwa mtedza. Imachita kuphunzitsidwa. Mumaionetsa zithunzi zambirimbiri, chilichonse chitalembedwa dzina: uwu ndi wathanzi, uwu ndi wodwala. Ikaona zokwanira imayamba kusiyanitsa yokha. Wolemba mayinawo m'boma lino ndinali ine.

Abale anga, ine ndinkaganiza kuti andipatsa pulogalamu yokongola ya mabatani, yonga za pa foni zija mwana wa sitandade wani amazidziwa. Ayi ndithu. A Mwale, amene amayang'anira ntchitoyi ku Lilongwe, anandipatsa laputopu n'kutsegula sikirini yakuda bii. Palibe chithunzi, palibe batani, kamzere kamodzi koyera kakungophethira pakona ngati kakundijeda. Ndinati, "A Mwale, kompyuta yanuyi yafa." Iwo anati, "Mayi, ndi yamoyo imeneyo. Ikudikira lamulo lanu."

Lamulo! Pa sikirini yakudayo chilichonse umachita kulemba. Ukafuna kulowa m'foda ya zithunzi, ulembe lamulo. Ukafuna kuti chida cholembera mayina chiyambe ntchito, ulembe lamulo lina lalitali, uchiuze kumene kuli zithunzi, mayina amene ugwiritse ntchito, ndi kumene chikasunge zimene walemba. Ukatero ndiye chithunzi choyamba chimatuluka. Umajambula kabokosi ndi mausi kuzungulira mtedzawo, n'kudina wani ngati uli wathanzi, thuu ngati uli ndi kadukutu. Chithunzi china chimabwera. Kabokosi, nambala. Kabokosi, nambala. Khosi kuuma, maso kutentha, kabokosi, nambala. Pomaliza pali lamulo losonkhanitsa zonse m'fayilo imodzi yotumiza ku Lilongwe.

Ndipo chida chimenechi sichidziwa ulemu. Mwana ukamutuma mosamveka amafunsa kuti, "Mwati chiyani, amayi?" Ichi ayi. Ukaphonya pang'ono chimakulavulira mizere yofiira ya Chizungu n'kukhala duu. Ukalemba bwino sichithokoza, chimangokhalanso duu, ndipo iwe uzindikire wekha kuti chete ameneyo ndiye kuti zayenda. Ine ndagwirapo ntchito ndi akonzi a nyuzipepala ouma mtima, koma iwowo nthawi ya Khirisimasi mwina ankanenako kuti "mwayesetsa." Magetsi akazima batire itatha, usanasunge, mabokosi a m'mawa wonse apita, ndipo palibe wokupepesa.

Bambo a kunyumba, amene amayendetsa thiraki kudutsa pa boda, akabwera ankaima kumbuyo kwanga n'kumayang'ana. "Amake Chisomo, kodi mukulembera kalata mdima?" Ine maso pa sikirini. "Mdimawo ukayankha mundiuze, ndili nawo mafunso anga."

Sungani bambowo m'maganizo, abweranso m'nkhaniyi. Ndipo sunganinso munda wawo wa ku Kapondo. Mvula yoyamba itagwa iwo anali atakanirira pa boda ndi katundu. Anabzala anzawo onse atapalira kale, ndipo poti mbewu inali yochepa anatalikanitsa mapando kuti ikwane munda wonse. Kuchedwa ndi kutalikanitsa, zonse ziwiri zimene kadukutu amakonda. Anabwera ngati woitanidwa ku ukwati. Munda wonse chikasu. Ndinati, "Bambo a Chisomo, kazuleni, mukupatsira minda ya anzanu." Iwo, "Mawa." Mawa lake ali ku Chipata. Akabwerako, "Loweruka." Loweruka lake ali pa mzere pa boda. Tangoganizani, mkazi akuphunzitsa foni kuzindikira kadukutu, mwamuna wake akumulima. Ndinalumbira kuti phazi langa silidzapondako ku munda umenewo.

Tsono zithunzi zimene ndinkalemba mayinazo zinkachokera kuti? Kwa inu. Mukukumbukira ndinaima pamalo omwe ano mtedza utangoyamba maluwa. Ndinapempha zinthu ziwiri zokha: jambulani mtedza wathanzi, jambulani mtedza wodwala, munditumizire pa foni. Amayi a gulu lathu la Lachinayi anailandira ntchitoyo ndi manja awiri. Mayi Zulu a ku Dambe, amene ndi wapampando wathu, anatsogolera. Zithunzi zinayamba kufika kuchokera ku Dambe, ku Kapondo, kuno ku Kamwendo. Zooneka bwino, zowala, tsamba lililonse likuoneka mitsempha yake. Ndinanyadira. Ndinkati mumtima, maboma enawo aone mmene timagwirira ntchito ku Mchinji.

Ndipo sindinathamange nazo. Chithunzi chilichonse ndinkachikulitsa mpaka tsamba lidzaze sikirini. Chimene ndakayika ndinkachiika padera, n'kukwera kabaza laputopu ili pamiyendo kupita kwa alangizi a zaulimi kuti tionere limodzi. Nditamaliza ndinalemba lamulo lomaliza lija, fayilo inatuluka, ndinatumiza. Ndinapereka ndi chopereka cha chithokozo muno. Ena munandiona.

Kenaka foni inalira. A Mwale.

"Mayi, tili pa vuto. Zithunzi za boma lililonse timayamba taziyesa pazokha tisanaziphatikize ndi zina. Taphunzitsa foni ndi zanuzi. Muno mu ofesi, tikaionetsa zithunzi za ku Mchinji zimene sinazionepo, ikukhoza zonse. Koma tapita nayo m'munda weniweni wodzaza ndi kadukutu, ikungoti wathanzi, wathanzi, wathanzi."

Ndinati, "Ndiye kuti foni yanuyo ndi yodwala."

"Zithunzi za maboma ena sizikutero, mayi. Akuluakulu kuno akuganiza kuti mwina mumangodina manambala osayang'ana."

Kungodina osayang'ana! Ine? Abale, ine ndaopsezedwapo ndi anthu a mimba zikuluzikulu kuti ndisinthe nkhani, sindinasinthe ngakhale chiganizo chimodzi, chifukwa zinali zoona. Lero ndinamize tsamba la mtedza? Ndipindulenji?

A Mwale anapitiriza mwaulemu, koma mawu ake anali omveka. Mtedza ukakumbidwa vutoli lisanakonzedwe, zithunzi zonse za ku Mchinji azitaya, ndipo chaka chamawa afuna munthu wina. Apa n'kuti mtedza wa amene anabzala msanga utayamba kukhwima. Inu alimi mukudziwa kuti mtedza sudikira munthu. Ukakumbidwa, masamba apita, palibe chojambula mpaka dzinja lina.

Ndiye ndinabwerera ku mdima wanga uja. Ndinafufuta mayina onse n'kuyambiranso pa chiyambi. Kabokosi, nambala. Kabokosi, nambala. Alangizi ndinawaitanira kunyumba, anakhala pambali panga mpaka tiyi anawazizirira m'kapu. Anati, "Mayi, apa palibe cholakwika. Wodwala mwamuti wodwala, wathanzi mwamuti wathanzi." Ndinatumizanso. Yankho linabwera lomwe lija: mu ofesi ikukhoza, m'munda ikuti wathanzi.

Ndikuuzeni zoona pamaso pa Mulungu, masiku amenewo sindinkapemphera mokoma. Sindinkayamba ndi mayamiko. Ndinkangogwada n'kuti, "Ambuye, Inu mukudziwa kuti tsamba ili ndi lodwala. Ine ndikudziwa. Alangizi akudziwa. Ngakhale mbuzi ikudziwa, imalilambalala. Nanga chinthuchi chikukana chifukwa chiyani?" Kumwamba kunali chete ngati sikirini yanga ija. Ndipo kumeneko sindinadziwe ngati chete ameneyo akutanthauza kuti zayenda kapena ayi.

Kunyumba ndinasanduka munga. Mwana akagwetsa supuni, mlandu. Bambo akangotsokomola, ine, "Mwazula mtedza uja?" Kwaya ikamayimba muno ine maso ali pa mawindo, ndikuona timabokosi.

M'mawa wina ndikupemphera mokalipa momwemo, ndinakumbukira lamulo loyamba la mtolankhani: nkhani siilembedwa uli pa desiki, pita pamalo pamene zachitikira. Ndinaimbira a Mwale. Ndinati, "Bwerani nayo foni yanuyo kuno. Ndikufuna inamize ine ndikuona ndi maso anga."

Anabwera Lachinayi, n'kutipeza tikuweruka ku mapemphero a amayi, tonse tili mu yunifolomu. Chitenje chathu ndi ichi ndavalachi, chabuluu cha nkhunda zoyera. Chiyang'aneni bwino, ndicho mboni yaikulu pa mlanduwu. Tinakwera galimoto yawo, ine, amayi busa, Mayi Zulu ndi amayi ena angapo, ulendo wa ku Dambe ku munda wa Mayi Zulu. Mundawo unali wosamalika, koma kukona kunali mapando ochepa amene anali atangogwidwa kumene.

A Mwale anawerama n'kuloza foni pa phando lodwala, lopinimbira, lachikasu, loti ngakhale mlendo wochokera m'tauni akanadziwa. Foni inayankhula ndi mawu a mzimayi, aulemu kwambiri: "Mtedza wanu ndi wathanzi."

A Mwale anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kumwamba.

Pamenepo Mayi Zulu anaseka. "Aa, bwana, inunso! Mwajambula bwanji pamenepo? Padothi? Ife sitichita choncho." Anamasula chitenje chapamwamba, anachikung'untha, n'kuchiyala bwinobwino pamzere. Anazula phando lija, anasasa dothi kumizu, analigoneka pakati pa nkhunda ziwiri, n'kuwongola masamba ndi chala. "Eya, tsopano jambulani."

A Mwale analoza. Foni inati, "Mtedza wanu uli ndi kadukutu. Zulani msanga."

Amayi analulutira. "Mwaona! Imangofuna ulemu foniyi!" Onse akusangalala, ine ndinayang'anitsitsa chitenjecho. Ndinati, "A Mwale, tandibwerekani foniyo." Ndinachotsa mtedza uja n'kuuponya uko. Panatsala chitenje chokha, chopanda ngakhale tsamba limodzi. Ndinaloza.

"Mtedza wanu uli ndi kadukutu. Zulani msanga."

Nthungululu zinaduka. Ndinatembenuka kuti ndiwaonetse a Mwale, ndipo potembenukapo foni inaloza amayi busa, amene anaima phee manja ali pamimba, chitenje chawo chatsopano chikuwala.

"Mtedza wanu uli ndi kadukutu. Zulani msanga."

Amayi busa anati, "Azule ndani? Ine?"

Abusa, ndikukuonani mukubisa nkhope m'manja. Sekani poyera, kunyumba anakuuzani kale. Ndinaloza Mayi Zulu, kadukutu. Ndinadziloza ndekha, kadukutu. Gulu lonse la amayi a Lachinayi, ndi msungichuma yemwe, foni inatipeza ndi kadukutu. Munthu wathanzi m'munda monsemo anali a Mwale okha, poti anavala buluku lakhaki.

Ndinatulutsa laputopu n'kuiika pa boneti ya galimoto. Ndinalemba lamulo limene a Mwale anandiuza pomwepo, loti chida chija chionetse zithunzi zonse za nambala thuu pamodzi, zing'onozing'ono, pa sikirini imodzi. Zinatuluka. Abale, sikirini yonse buluu. Buluu ndi nkhunda, buluu ndi nkhunda, kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati msonkhano waukulu wa amayi. Ndinaitana za nambala wani. Dothi lofiira ndi masamba obiriwira, chitenje palibe ngakhale chimodzi.

Foni siinaphunzire matenda ayi. Inaphunzira chitenje. Ikaona buluu ndi nkhunda, kadukutu. Ikaona dothi, wathanzi. Inapeza njira yachidule ngati mwana wa sukulu amene wazindikira kuti yankho lolondola aphunzitsi amalilemba ndi choko chofiira. Ndipo ine, amene ndinkakulitsa chithunzi chilichonse mpaka kuona mitsempha ya tsamba, chitenjecho ndinkachiona tsiku ndi tsiku osachiona. Ndimachivala ndekha, diso linachizolowera. Mabokosi anganso ndinkawajambula motakasuka, nkhunda n'kumalowa momwemo.

Mtolankhani wa mwa ine anadzuka. Ndinati, "Mayi Zulu, tandifotokozerani bwinobwino. Zinayamba bwanji zimenezi?"

Anati, "Nanga si alangizi amati wodwala tizizula? Ndiye timazula. Koma wathanzi angazule ndani, wamisala? Wathanziwo timaujambula uli chiimire m'munda. Wodwala timazula n'kubwera nawo ku tchalitchi Lachinayi, poti foni ya amayi busa ndiyo imajambula bwino."

"Chabwino. Nanga chitenje chikubwera pati?"

Amayi busa anayankha okha, ndipo sanachite manyazi ngakhale pang'ono. "Nambewe, zinthu zopita kwa alendo ku Lilongwe tiziike pafumbi? Aziti ku Mchinji kulibe mwambo? Ndinanena ndine kuti tiziyala chitenje, ndiponso chikhale cha mpingo, adziwe kuti ntchitoyi agwira ndi amayi opemphera."

Mayi wina kumbuyo anawonjezera kuti, "Komanso wodwala timamuyalira, mayi. Mwaiwala?"

Wodwala timamuyalira! Abale, ndi zoona. Tikapita kukazonda matenda timayala chitenje. Mlendo akabwera timayala chitenje. Palibe amene ananama, palibe amene anachita ulesi. Aliyense anachita zabwino zokhazokha, ndipo zabwino zimenezo zinangotsala pang'ono kundichotsa ntchito. Ndinkafuna kukalipa koma wokalipira panalibe. Mkwiyo wopanda mwini wake ndi wowawa, inu.

A Mwale anaseka mpaka anakhala pansi pamzere. Atapuma anaimirira n'kunena pamaso pa amayi onse kuti, "Mayi, pepani. Manambala anu anali olondola. Ndikawauza akuluakulu." Mawu amenewo ndinawalandira. Koma anapitiriza kuti zithunzizo sizingalandiridwe mmene zilili. Pafunika zatsopano zambiri: mtedza wodwala uli chiimire padothi pake, mtedza wathanzi uli pa chitenje, pa thumba, pa mphasa, padzanja, kuti foni ione kuti chitenje sichitanthauza kanthu. Anawonjezeranso nambala yachitatu, ya chithunzi chimene mulibe mtedza, kuti ikaona chitenje chokha izinena kuti apa palibe mtedza. Zonsezi zichitike mtedza usanakumbidwe.

Ndinati zimenezo n'zosavuta. Kunali kulakwa kwanga kuyankhula msanga. Tinazungulira ku Dambe, tinazungulira kuno ku Kamwendo, kufunafuna mtedza wodwala umene uli chiimire. Kulibe! Amayi athuwa anamvera alangizi. Wodwala yense anazula, anamujambula pa chitenje, n'kumukwirira. Munda uwu phando limodzi, munda uwo awiri, osakwana n'komwe. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinakwiya chifukwa choti alimi amvera malangizo. Ndinkalowa m'munda wobiriwira bwino, mwini wake akumwetulira, ine n'kutuluka ndikudandaula. Mayi wina anandifunsa kuti, "Kodi mumafuna mbewu zathu zife?" Ena anali atayamba kale kunola makasu okumbira.

Ndinafika kunyumba madzulo ena miyendo ili fumbi lokhalokha. Bambo a Chisomo anali pakhonde akupolisha nsapato. Sanandiyang'ane.

"Ndamva kuti mukusowa kadukutu."

"Musandiyambe, bambo."

"Ayi, ine sindikuyamba munthu. Ndimangoti ine ndili naye. Wambiri. Giredi wani. Munda wonse, kuyambira kumsewu mpaka kudambo." Anapemerera nsapato. "Koma ndi uja munkati ndi manyazi a banja lino, ndiye mwina sangakuthandizeni."

Abale, ndinaima pamenepo thumba la laputopu lili paphewa. Masabata onse aja ndikuzungulira minda ya eni, munda umenewu sunandibwerere m'mutu, chifukwa ndinali nditaufufuta mumtima. Ndinati, "Bambo a Chisomo, mutibwereke munda wanu."

"Mwati? Injini ya thiraki yandiwononga makutu."

"Chonde, mutibwereke munda wanu."

"Koma paja phazi lanu linalumbira."

Mulungu ndi mboni, nsapato inayo inali pafupi ndi dzanja langa. Koma Mzimu anandigwira. Ndinati, "Phazi lalapa."

M'mawa mwake anatinyamula okha kupita ku Kapondo. Ndinawauza amayi kuti aliyense abwere ndi zovala zakumunda, yunifolomu itsale kunyumba, kupatula chitenje chimodzi chimene ndinachisunga ine m'thumba. Titafika ndinaona munda uja koyamba chiugwireni matenda. Woipa kuposa mmene ndinkaganizira. Kadukutu wongoyamba kumene, kadukutu wapakati, kadukutu womaliza, wachikasu, wa mawangamawanga, yense analipo ngati pa msika. Ndinamva chisoni ndi chimwemwe nthawi imodzi, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti chachikulu chinali chiti.

Tinajambula. Amayi busa ndi foni yawo yabwino ija patsogolo, ena ndi mafoni awo osawala bwino, poti a Mwale anati mlimi weniweni foni yake ndi yotero. Tinajambula dzuwa lili m'mawa, lili pamutu, kuli mitambo, pafupi, patali. Ntchito yanga yaikulu inali kulondera Mayi Zulu. Akangoona phando lodwala dzanja linkapita lokha m'chiuno kukamasula chitenje. Ine, "Mayi Zulu, siyani chitenje!" Iwo, "Koma pali zinyalala apa, ndingosesako pang'ono." Ine, "Musasese! Zinyalalazo zikhale!" Anapukusa mutu n'kuti, "Anthu a ku Lilongwewo adzatiyesa auve." Mwini munda anali atakhala pamthunzi akulandira alendo ngati watsegula sitolo. Aliyense wodutsa pamsewu ankamuuza kuti, "Munda wa kafukufuku uno, musaponde."

Kenaka tinapita m'minda yabwino kukagoneka mtedza wathanzi pa chitenje. Kumenekonso nkhondo. Palibe mayi amene ankalola kuti tithyole nthambi ya mtedza wake wabwino. Ndinachita kupempha kanthambi kamodzi kamodzi ngati ndikupempha mchere. Chitenje chokha tinachijambulanso, choyala, chopinda, chovala, kuti chilowe ku nambala yachitatu ija.

Ndinabwerera ku mdima wanga kachitatu. Ulendo uno mabokosi ndinkawathinitsa, tsamba lokha, nkhunda kunja. Ndipo tsiku lililonse ndisanatseke ndinkalemba lamulo lija loonetsa zithunzi zonse pamodzi, n'kuima patali ndi sikirini kuyang'ana zimene zili kumbuyo kwa mtedza: kodi dothi lili mbali zonse, kodi buluu ali mbali zonse? Ndinasonkhanitsa fayilo, ndinatumiza. Tsiku lomwelo Mayi Zulu anayamba kukumba mtedza wawo.

Lachisanu a Mwale anaimba. Apita nayo foni m'munda womwe uja inkanama. Wodwala ikuti wodwala, wathanzi ikuti wathanzi. Zithunzi za ku Mchinji zalowa pamodzi ndi za maboma ena, ndipo ntchito ya soya ikayamba wolemba mayina kuno ndine ndemwe.

Tsono mverani chimene ndaimira pano. Ine ndinapempha Mulungu kuti akonze kompyuta. Sanaikonze, inalibe vuto. Ndinamupempha kuti awaonetse a ku Lilongwe kuti ndine wolondola. Anawaonetsa, koma anadzera pa chitenje chimene ndimavala ndekha. Ndipo yankho lomaliza analisunga m'munda umene ndinaunyoza nyengo yonse, kwa munthu amene ndinkamukalipira m'mawa ndi madzulo. Nthawi yonse imene ndinkati kumwamba kuli chete, mtedza wa ku Kapondo unali chiimire, ukundidikira. Ndinkati "Mawa" wa bambowa ndi mtanda wanga, osadziwa kuti pa mawa ameneyo ndi pamene padzapulumukire ntchito yanga.

Abambo, musamve molakwika. Ndikuona ena mukugwedezana zigongono kumbuyoko. Sindinati kuchedwa kubzala ndi utumiki. Munda uja sunabereke ngakhale mtedza wodzaza chipewa, ndipo chaka chino nsinjiro tizikapempha kwa Mayi Zulu. Anansi a ku Kapondo tawapepesa kale, ndipo tipitanso kukawapepesa. Mulungu anagwiritsa ntchito munda umenewo kamodzi. Asayesedwe kachiwiri. Bambo a Chisomo, mwamva? Akuti injini.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanatope nane pamene ndinkapemphera ngati ndikufunsa mafunso nduna. Ndikuthokoza amayi a Lachinayi, amene anagwira ntchito imodzi kawiri osanyinyirika kwambiri. Ndikuthokoza amayi busa, amene foni inawanyoza pagulu koma anabwererabe kukajambula. Ndipo pamaso pa mpingo wonse, kuti asadzanenenso kuti sanamve, ndikuthokoza bambo a kunyumba. Kondwerani nane, abale! Amayi, nthungululu zija munaimbira foni yonama ku Dambe, ziimbireni Mulungu woona tsopano. Aleluya! Eya, ameni ameneyo ndiye wamoyo.

Zotsala ndi izi. Lachinayi likubwerali a Mwale abwera ndi foni kudzaiyesa pamaso pathu ku munda wa ku Kapondo. Loweruka lake tikukazula ndi kukwirira mtedza wonse uja, ndipo abambo amene ali ndi makasu akupemphedwa kubwera, chifukwa mwini munda wanena kale kuti mwina adzakhala pa boda. Amayi, Lachinayilo mubwere mu yunifolomu. Amayi busa avomera kuima patsogolo, ndipo foni idzayamba kuloza iwo. Tikuyembekeza kuti idzanena kuti, "Apa palibe mtedza."